A Dhandapani ndi Kabati ya Samusa

Kalata yochotsa ntchito a Dhandapani inafika pa desiki panga pa 3 Malichi, italembedwa kale bwinobwino, ikungodikira kuti ine ndisaine. Kampani yathu sichotsa munthu ntchito. Imangoleka kumuwonjezera kontirakiti, ndipo kalatayo inawathokoza a Dhandapani m'ndime ziwiri zathunthu isanafike pa mfundo yakuti pa 31 Malichi abweze khadi lolowera pageti. Chifukwa chake chinali m'munsi, m'zilembo zing'onozing'ono: munthu wa mu labu amayenera kuyeza mabolodi a foni asanu ndi atatu pa tsiku, koma iwo ankayeza atatu. Anali ndi zaka 56. Ku Whitefield kuno, dera la makampani a makompyuta ku Bengaluru, kumene munthu wa zaka makumi atatu amayamba kale kudandaula kuti wakalamba, wa zaka 56 akatuluka pageti sapezanso geti lina lomutsegulira.

Ndinaitsindika kalatayo ndi kapu ya khofi. Sindinganame kuti ndinaikana. Ndinali ndi mavuto anga, ndipo ndinaganiza kuti ndidzaisaina Lachisanu, tsiku limene mtima wa munthu umakhala uli kale kunyumba.

Ine ndine Vasudha Kamath. Nthawi imeneyo ndinkatsogolera gulu la anthu asanu ndi awiri olemba kenelo, pulogalamu ya pakatikati imene imayendetsa foni yonse koma mwini foni saiona. Purosesa imene tinkagwirapo ntchito, ubongo wa foni, inali ndi mainjini asanu ndi atatu, anayi aang'ono ndi anayi aakulu. Aang'onowo ndi ochedwa koma sadya magetsi ambiri. Aakuluwo ndi aliwiro, komanso adyera. M'kati mwa kenelo muli kachigawo kamene ife timakatcha kapitawo. Ntchito iliyonse ikabwera, kaya kutsegula mapu kaya kuliza uthenga, kapitawo amasankha injini yoti aipatse ntchitoyo kuti batire lisathe msanga, ndipo amasankha kambirimbiri pa sekondi imodzi. Iyeyo saona magetsi, sakhudza kanthu, safunsa munthu. Ali ndi mndandanda wa manambala basi, wonena kuti injini yakuti ikathamanga liwiro lakuti imadya mamiliwati akuti. Mndandandawo ukanama, kapitawo amalakwitsa mokhulupirika, tsiku lonse, m'mafoni mamiliyoni.

Manambala a mndandandawo ankachokera pa benchi pa a Dhandapani.

Tonse tinkawatchula Anna, monga tingatchulire mchimwene wamkulu, ngakhale aja amene makolo awo anali aang'ono kwa iwo. Anabadwira ku migodi ya golide ya ku Kolar, m'nyumba za mizere za anthu a mgodi, bambo awo ali woyang'anira mapampu otulutsa madzi pansi. Atakwana zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri analowa nawo mgodi ngati wophunzira za magetsi. Migodi itatsekedwa anatsegula kashopu kokonza ma TV ku Robertsonpet, ndipo kanawadyetsa mpaka ma TV anasanduka opyapyala, aja oti akawonongeka munthu amangogula ina. Mayi a kunyumba kwawo, a Anjalai, ankasoka mabulauzi. Ana awo aakazi awiri anaphunzira ndi ndalama za mabulauziwo, mmodzi n'kukhala namwino ku Hosur. Kenaka Anna analowa m'gulu la anthu a ku Kolar okwera sitima ya m'mawa kubwera ku Bengaluru, maola awiri kubwera, maola awiri kubwerera. Ankakwera bogi imodzimodzi ndi anthu omwewo kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo amene anali ndi chaja yoduka waya ankadziwa mpando woti apiteko.

Ntchito yawo inali yotenga bolodi, ndiko kuti zam'kati mwa foni zopanda chikopa, n'kudula kanjira ka magetsi kopita ku purosesa, n'kuwotchererapo kachidutswa kochepa ngati njere ya chitowe kuti mita izitha kuwerenga zimene injini iliyonse ikudya. Mainjiniya athu a madigiri awiriawiri akayesa ntchito imeneyi bolodi limafa. Anna ankaichita akuimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi, galasi lokulitsa lili pamphumi, ataliiwala kulitsitsa.

Chaka chapita kunabwera a Prahlad Deshpande kudzakhala mkulu woona za ubwino wa ntchito. Anali munthu waulemu, wa malaya ositidwa, wokumbukira tsiku lobadwa la aliyense. Ankakhulupirira kuti chinthu chimene sichinalembedwe pa fomu sichinachitike, ndipo chimene chalembedwa pa fomu sichingalephere kukhala choona. Iwowa ndi amene analemba Ndondomeko 14. Labu izikhala pa madigiri 19. Bolodi liikidwe pansi pa fani. Liyendetsedwe mphindi zisanu pa liwiro lililonse, manambala alembedwe pa fomu ya mabokosi asanu ndi anayi, mtsogoleri wa gulu avomereze, ofesi yawo idinde chidindo. Ndiyenera kuwayamikira pa chinthu chimodzi: manambala a Ndondomeko 14 sankasinthasintha. Ukayeza Lolemba, ukayezanso Lachinayi, umapeza omwewo. Ngati anali oona kapena ayi, fomuyo inalibe bokosi lofunsa zimenezo.

Vuto langa linali lakuti kapitawo wathu watsopano, amene tinamulemba chaka chathunthu, analowa m'mafoni otchipa a kasitomala wathu wamkulu mu Febuluwale. Mafoni amenewo amagulidwa kwambiri ndi anthu operekera zakudya pa njinga zamoto. Mu labu kapitawoyo ankasunga batire kuposa wakale. Koma ku Nagpur ndi ku Vijayawada mafoni anayamba kuzima 2 koloko masana, munthu ali ndi mpunga wa biriyani wa eni ake kumsana, mapu atapita. Kasitomala analemba kalata yaulemu kwambiri moti tonse tinachita mantha. Kwa milungu iwiri tinafufuza mzere uliwonse wa pulogalamu yathu. Tinakayikira masamu, tinakayikirana tokhatokha, mmodzi anakayikira ngakhale kampani yopanga mabatire. Mndandanda wa manambala sitinaukayikire. Unali ndi chidindo.

Lachisanu litafika ndinati ndisanasaine ndiyambe ndawauza ndekha Anna, asamve kwa pepala. Ndinawapeza mu labu atavala juzi yofiirira, panja dzuwa likuswa mtengo.

"Anna, muli ndi kanthawi?"

"Nthawi ndili nayo, Madamu. A Deshpande ndi amene amati ndilibe."

Ndinayamba kuzungulira ngati mmene ikuchitira kalata ija, kuwathokoza kaye. Anandidula.

"Za pa 31? Ndinamva Lachiwiri. Alonda a pageti anandiuza. Makalata achinsinsi amayamba kufika kwa iwo, kenaka kwa woyendetsa lifiti, inu mabwana mumamva pomaliza."

"Ndiye bwanji simungoyeza asanu ndi atatu? Manja anu ndi achangu kuposa a wina aliyense muno. Mukufuna kundivutitsa ine basi?"

"Mphindi zisanuzo ndimayeza monga analembera. Ndimalemba fomu, ndimapereka. Ndikatero ndimazimitsa fani, ndimavundikira bolodi ndi katoni, ndimadikira ndione."

"Muone chiyani?"

"Bweretsani dzanja. Ayi, kuseri kwa chala. Gwirani apa."

Ndinakhudza purosesa ya bolodi limene linali pansi pa fani. Inali yozizira ngati supuni.

"Foni ya ndani imazizira chonchi, Madamu? Kapena ya munthu wogwira ntchito ku mochale."

Ananyamula katoni ya sopo imene inali pambali. Pansi pake panali bolodi lina, likuyenda ntchito yomweyo, ndipo manambala a pa mita yake anali okwera, akukwerabe pang'onopang'ono.

"Ku mgodi," iwo anatero, "pampu tinkaiyeza pamwamba isanatsike. Ikafika pansi pa moto paja inali pampu ina, ikudya zina. Bwana wachingelezi anasiya buku lonena zimene pampu imadya. Bukulo linali loona, koma pamwamba."

Zimenezi ndinkazidziwa. Ndinakhoza mayeso ake ku koleji, mphunzitsi n'kundiyamikira pamaso pa kalasi. Purosesa ikatentha imadontha magetsi ngakhale isakugwira ntchito, ndipo injini yaikulu imadontha kwambiri kuposa yaing'ono. Mndandanda wathu unkamuuza kapitawo kuti injini yaikulu ikamayenda pang'onopang'ono imadya zochepa kuposa yaing'ono yothamanga liwiro lake lonse. Choncho kapitawo ankadzutsa mainjini aakulu pa tintchito tapakatikati ngati mapu. Pa madigiri 19 ankachita bwino. Foni yomangidwa pa chiwongolero cha njinga padzuwa la ku Nagpur sinamvepo za madigiri 19.

"Anna, zimenezi munauza ndani?"

"Bokosi la naini."

Bokosi lachisanu ndi chinayi linali la ndemanga. Pa kompyuta yanga fomu inkaoneka mpaka bokosi lachisanu ndi chitatu, ndipo batani lovomereza linali pamwamba, pafupi ndi dzanja. Ndinabwerera ku desiki n'kutsegula mafomu onse kuyambira mwezi wa Juni, ulendo uno ndikutsitsa mpaka pansi. Analipo 212. Pa iliyonse panali mawu atatu omwewo: Bolodi ndi lozizira. Onse 212 ndinawavomereza ine. Ndinachotsa kalata ija pansi pa kapu n'kuiika m'dirowa.

Katoni ya sopo sinali umboni. Pansi pake kutentha kunkangofika madigiri 32, ndiponso kunkasinthasintha. Tinkafuna 45, osasuntha, kwa nthawi yaitali. Kampani inali nawo uvuni woyezera zoterezi, wokongola, wochokera kunja, koma unali wokhoma kuyambira Novembala chifukwa sitika yake yotsimikizira kuti umayeza molondola inatha nthawi. Kuti sitika ina imatidwe pankafunika kuti makampani atatu opereka masitika apikisane. Mu mzinda wonse makampani oterowo analipo awiri. Nkhaniyo inali m'manja mwa komiti.

Lolemba Anna anandipeza pa lifiti.

"Madamu, mumadya samusa?"

Kantini yathu inkayendetsedwa ndi a Yashodamma, mayi wa mawu aakulu amene ngakhale mkulu wa kampani ankaima pamzere mwaulemu pamaso pawo. Pa kauntala panali kabati yagalasi yosungira samusa ndi vada, timandasi tamchere, kuti zisazizire. Chaka chathacho inawonongeka ndipo Anna ndi amene anaikonza, ndiye ankadziwa kuti shelefu yake yapansi imakhala pa madigiri 45 kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

"Ayi," anatero a Yashodamma tisanamalize kufotokoza. "Zaka naini bambo awa amamwa tiyi wopanda shuga, osagulako ngakhale vada imodzi, chakudya amabwera nacho m'chitini chawo. Lero akufuna kabati yonse."

"Shelefu imodzi yokha, Amma," anatero Anna. "Yapansi ija mumaikamo zotsala zadzulo."

"Ine ndilibe zotsala zadzulo."

"Ndiye shelefuyo ili chabe."

"Taonani pakamwa pake mkuluyu. Madamu, mumamusunga bwanji munthu wotere?"

"Sakundisunga," anatero Anna. "Pa 31 ndikupita."

A Yashodamma anawayang'ana, kenaka anandiyang'ana ine nthawi yaitali ndithu, monga amayang'anira munthu wobweza mbale asanamalize chakudya.

"Kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko," anatero. "Mawaya anuwo akakhudza samusa yanga imodzi, ndikukulungirani onse awiri m'nyuzipepala."

Tinayeza masana atatu. Bolodi linkakhala pa mbale yoyera pa shelefu yapansi, mawaya akutulukira pa mpata wa chitseko kupita ku mita imene Anna anaiika pa mpando. Ine ndinkakhala pa kreti ya zakumwa ndi kompyuta pamiyendo. Anna sankalola kulemba nambala isanaleke kukwera, ndipo ndikati ndilembe ankangokweza chala osandiyang'ana. Anthu obwera kudzamwa tiyi ankawerama n'kusuzumira. Mkulu wina wa ku ofesi ya malamulo analoza bolodi n'kufunsa a Yashodamma ngati chimenecho n'chophika ndi mafuta kapena chowotcha.

Pozizira paja injini yaikulu yoyenda pang'onopang'ono inkadya mamiliwati 210, yaing'ono yothamanga 260. M'kabati yaikuluyo inadya 345, yaing'ono 290. Zinthu zinali zitatembenuka. Lachinayi gulu langa linalemba mndandanda watsopano n'kuuika m'mafoni khumi, ndipo tinawapereka kwa operekera zakudya khumi a amene amaima pageti pathu masana, tikuwapempha kuti aziyenda nawo monga mwa masiku onse. Pofika Lachiwiri la mlungu wotsatira palibe foni imene inazima dzuwa lisanalowe. Mmodzi anafunsa ngati angaisunge.

Ndinapita kwa a Deshpande ndi mapepala onse. Anandipatsa mpando ndi madzi, anawerenga tsamba lililonse, ndipo ndinaona kuti amvetsa, chifukwa sanali munthu wopusa.

"Ndi ntchito yosangalatsa, Madamu Vasudha. Chida chimene munayezera chili pa kaundula?"

"Ndi kabati ya samusa, Saar," ndinatero, monga timaitanira bwana kuno.

"Nambala yake?"

"Ilibe nambala. Ili ndi samusa."

"Ndiye uwu si muyeso. Ndi nkhani yabwino yokamba pa tiyi. Sindingatumize kwa kasitomala mndandanda wochokera m'chida chosadziwika. Tidikire uvuni."

"Uvuni ukudikira komiti."

"Komiti ikhala pansi mu Meyi. Ndipo kalata ya a Dhandapani ija ofesi ya antchito ikundifunsa. Munthuyo ndimamulemekeza kwambiri, koma chiwerengero ndi asanu ndi atatu. Mukapanda kusaina pofika pa 28, lamulo likundilola kusaina m'malo mwanu. Sindingakonde kutero."

Linali tsiku la 18. Madzulo amenewo galimoto imene ndinakwera inaima mu mdipiti wa magalimoto pa mlatho wa Marathahalli, monga imaimira masiku onse, ndipo ndinachita chinthu chimene ndikukhulupirira kuti palibe wina mu kampani anachitapo: ndinawerenga Ndondomeko 14 kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Inali ya masamba 41. Ndinkafunafuna kampata konena za zida zobwereka. Sindinakapeze. Ndinapeza ndime 11, pa tsamba 37, imene ndikuganiza kuti a Deshpande anaikopera kwina osaiwerenga bwino. Inkati ndemanga iliyonse yolembedwa m'bokosi lachisanu ndi chinayi iyankhidwe molemba ndi mkulu woona za ubwino wa ntchito pasanathe masiku asanu ndi awiri, ndipo zosayankhidwa zonse zionetsedwe kwa ofufuza ochokera kunja. Ofufuzawo ankabwera pa 7 Epulo. Zikwangwani zowalandira zinali zitamatidwa kale m'makonde.

M'mawa mwake ndinadutsira ku labu.

"Anna, munkadziwa za ndime 11?"

"Ndime ya chiyani?"

"Yonena kuti ndemanga zanu ziyenera kuyankhidwa."

"Ayi. Ine ndinaona bokosi lolembedwa kuti ndemanga, ndipo ndemanga ndinali nayo."

"Maulendo 212, popanda wokuyankhani?"

"Bolodi linali lozizira maulendo 212, Madamu. Likanafunda ndikanasiya."

Kwa a Deshpande ndinalowa ndi tsamba 37 lokha. Sindinawaopseze. Ndinanena kuti ndabwera kudzaulula kulakwa kwanga, kuti ndinavomereza mafomu 212 osawerenga bokosi lomaliza, ndipo ndikufuna malangizo awo a mmene tikafotokozere ofufuza, popeza dzina langa ndi chidindo chawo zili pa pepala limodzi. Anawerenga ndime 11 kawiri. Anavula magalasi, anawapukuta, anawerenganso kachitatu, mwina poganiza kuti yasintha.

"Zonse zikunena chimodzimodzi?"

"Mawu atatu, Saar."

"Mayankho 212, lililonse lochedwa."

"Loyamba lachedwa miyezi isanu ndi inayi."

Kenaka ndinaona chinthu chimene mpaka lero ndimachilemekeza: munthu wodziwa mapepala akugwiritsa ntchito luso lake lonse. Anafunsa kuti kabatiyo ndi ya ndani. Ndinati ndi ya a Yashodamma. Nkhope yawo inawala. Ngati si katundu wa kampani, iwo anatero, lamulo la makampani atatu silikuikhudza. Ndi chida cha mlendo, ndipo chida cha mlendo kampani imodzi yokha ikhoza kuchiyesa n'kuchimata sitika tsiku limodzi. Ndipo ndemanga zikakhala zofanana, ndime 12 ikulola kuzitseka ndi yankho limodzi, malinga yankholo likhale kusintha kwa ndondomeko.

"Ndakhala ndikuganiza kwa nthawi ndithu," anatero akubwezera magalasi, "kuti Ndondomeko 14 ikufunika kuunikidwanso pa nkhani ya kutentha."

"Ndi maganizo abwino kwambiri, Saar."

Lachisanu kunabwera bambo wa chikwama chakuda, anaika zoyezera zake m'kabati pakati pa vada ndi samusa, anadikira maola awiri akudya zomwezo, n'kumata sitika yobiriwira pagalasi. Kabati ya a Yashodamma inalowa m'kaundula wa zida za kampani, mzere umodzi pansi pa uvuni wochokera kunja uja. Mayiwo anaiwerenga sitikayo n'kufunsa ngati tsopano angakweze mtengo wa samusa. Tinabwereza muyeso wonse, manambala anatuluka omwe aja, ndipo ulendo uno anali oona chifukwa anadindidwa.

Ndondomeko 15, yolembedwa ndi P. Deshpande, inatuluka pa 26. Bolodi liyezedwe pa madigiri 45, popanda fani, litayenda kaye mphindi makumi atatu. Poona kutalika kwa nthawiyo, chiwerengero cha pa tsiku chinatsitsidwa kufika pa mabolodi atatu. Kompyuta ya ku ofesi ya antchito itapatsidwa nambala yatsopanoyi inapeza kuti a Dhandapani akhala akukwanitsa chiwerengero mosaphonya kuyambira Juni, ndipo mu labu yonse panalibe wina wa mbiri yoyera chonchi. A ku ofesiyo anatumiza mthenga kudzatenga kalata ija m'dirowa mwanga. Ndinasainira kuti ndaibweza yosasaina.

Anthu amati ndinawapulumutsa Anna. Ndimawalola kunena, chifukwa kufotokoza kumatenga nthawi. Zoona zake n'zakuti kasitomala uja anali atatsala pang'ono kuzimitsa kapitawo wathu n'kubwerera kwa wakale, ndipo zikanatero gulu langa likanamwazidwa, ine n'kukhala mayi uja amene anawononga chaka chathunthu. Ndinali ndi digiri, ofesi ya chitseko, ndi batani lovomereza. Amene anakhudza purosesa ndi chala anali iwo. Ine chimene ndinachita ndi kuwerenga masamba 41 pa mlatho, patachedwa miyezi isanu ndi inayi, ndipo ngakhale pamenepo ndiyenera kuthokoza kuchuluka kwa magalimoto.

Kalata ya kontirakiti yatsopano inafika pa 29 Malichi. Inali ya miyezi khumi ndi umodzi, chifukwa ikakwana khumi ndi iwiri munthu amayamba kuoneka ngati wantchito weniweni. Ndinapita nayo ndekha ku kantini, kumene Anna anali atakhala pafupi ndi kabati, mita ili pa mpando. Anapukuta manja, anatsitsa galasi lokulitsa lija, anawerenga mzere ndi mzere mpaka adiresi ya kampani ya m'munsi. Anaipinda kanayi n'kuiika m'thumba la malaya, n'kumanga batani.

"Mayi akunyumba sindinawauze za kalata yoyamba ija," anatero. "Ndiye iyinso sindingawauze. Angadabwe kuti ndikusangalalira chiyani."

"Anna, ine ndimafuna kunena kuti..."

"Madamu, Ndondomeko 15 mwaiwerenga?"

"Yonse. Masiku ano ndimawerenga."

"Mphindi makumi atatu zachuluka. Nambala imaima pa mphindi twente-thuu, ikachedwa twente-faifi. Zinazo tikungowononga nthawi ya kampani. Ndikufuna ndikawauze a Deshpande."

"Mukawauza akweza chiwerengero kufika pa anayi."

"Anayi ndikhoza."

"Inu mukhoza. Chaka chamawa adzati asanu, kenaka wina adzabweretsanso fani kuti bolodi lizizire msanga pakati pa miyeso. Chonde, Anna, ndapota nanu. Mphindi zisanu zotsalazo muzimwa tiyi."

Anayang'ana manambala a pa mita. Zinkaoneka kuti sizikuwakomera.

"Amvereni a Madamu, inu," anatero a Yashodamma ali kuseri kwa kauntala. "Ndipo poti ntchito mwaipeza, lero mugula vada."

Anna anapisa m'thumba la buluku, nkhope ili ngati ya munthu amene akuchotsedwa dzino.

"Ziwiri," anatero. "Ina ya a Madamu. Koma za shelefu ya pamwamba."